Zimene tropa idasiya pakhomo pa agogo

Agogo anga aamuna, obereka mayi, ankayenda choweramira. Ulendo wa kumsika ku Domwe, mtunda wonse maso ali pansi, manja kumbuyo. Akaona dothi lofukulidwa kumene pakati pa njira, ngakhale litakhala la mfuko, ankalilambalala, ndipo mdzukulu ukati upondepo umangomva dzanja lakugwira paphewa. Ife ana tinkanong'onezana kuti agogo akusaka ndalama yomwe adataya ali mnyamata. Iwo sankaseka nafe, komanso sankatikalipira. Gwero la kayendedwe kameneka ndidalidziwa maliro awo atatha, anganga, akazi awo, atatulutsa m'sutikesi chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu ya mawangamawanga, kumbuyo kwake kutalembedwa 1971. Adali m'tropa, gulu lankhondo la Apwitikizi, ndipo ntchito yawo idali yoyenda pansi patsogolo pa magalimoto, akubaya dothi ndi kachitsulo kosongoka kusaka mina, mabomba okwirira aja.

Kuno ku Angonia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, nkhalamba zotere zidali m'makomo ambiri, ndipo zina zikadalipo. Timazitchula kuti zovuta, zaukali, zosalankhula, n'kumaliza ndi mawu akuti ndi mmene adabadwira. Ine ndikukana. Zambiri zimene timaziyesa chibadwa mwa anthu amenewa adachita kuziphunzira, ndipo chimene chidaziumitsa kapena kuzifewetsa si nkhondo yokha, koma mmene mudzi udawalandirira pobwera.

Tiyambe ndi mmene ankapitira, chifukwa ambiri timasokoneza pamenepa. FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, idayamba kumenya nkhondo pa 25 September 1964 kumpoto, ku Cabo Delgado. Kuno ku Tete moto udayaka zenizeni mu 1968, omenyera ufulu akulowera ku Zambia, ndipo madera a Maravia, Chifunde ndi Macanga ndiwo adayamba kuumva. Chaka chotsatira ntchito yomanga damu la Cahora Bassa idayamba, ndiye boma la atsamunda lidaunjika asilikali m'chigawo chino kuti alondere damulo ndi misewu yopita kumeneko. Portugal lidali dziko laling'ono ndi losauka, likumenya nkhondo zitatu nthawi imodzi, ku Angola, ku Guinea ndi kuno. Anyamata a kwawo sakadakwanira. Choncho adatembenukira kwa ana a eni dziko, mpaka pofika kumapeto kwa nkhondoyo pafupifupi theka kapena kuposerapo la asilikali a Apwitikizi m'Mozambique adali olembedwa konkuno. Ena adalowa m'magulu apadera monga GE, omwe ankaphunzitsidwa ku Dondo pafupi ndi Beira. Ambiri adali tropa wamba. Dzina likatuluka kwa a posto, bwana wa boma la atsamunda m'deralo, mfumu imauzidwa kuti ipereke mnyamatayo, ndipo asipayi, apolisi a posto, ankadziwa khomo lake. Wothawa amasiyira makolo ake mbalamatodya, kathabwa komenyera m'manja kaja.

Nthawi yomweyo, m'mudzi wina kuseri kwa phiri, anyamata amsinkhu womwewo ankatengedwa usiku kuti asenze katundu wa makamarada, ankhondo a FRELIMO, kuchokera kumalire, ndipo ena sankabwereranso, amakapatsidwa mfuti. Alipo adapita ndi mtima wonse, atatopa ndi chibalo ndi msonkho. Alipo adangopezeka njira yadutsa pakhomo pawo. Mbali imene munthu adamenyera nthawi zambiri idasankhidwa ndi amene adayamba kufika m'mudzimo. Izi sizichotsa ulemu wa amene adasankha okha, koma ndi bwino kuzikumbukira tisanayambe kugawa makolo athu kuti awa ngwazi, awa ogulitsa.

Ndipo sikadali koyamba. Mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Apwitikizi ankagwira anthu kukhala amtengatenga ndi olambula misewu. Anthu a ku Barue, a mfumu Makombe, adagalukira, ndipo kugalukirako kudafalikira mpaka ku Tete ndi ku Zumbo. Amene adathandiza kwambiri kuuzimitsa motowo adali ankhondo a Chingoni, ambiri ochokera kuno ku Angonia, olembedwa ndi Apwitikizi omwewo. Nkhani imeneyi pa ngoma sitimaiimba.

Tsopano thupi. Talingalirani mnyamata wa zaka 20 akuyenda patsogolo pa mdipiti wa magalimoto a Berliet ndi Unimog pamsewu wafumbi, kubaya, kuponda, kubaya, kuponda, dzuwa la ku Tete lili paliwombo. Kachitsulo kakagunda cholimba, onse amaima. Akalakwitsa, mwendo wapita, kapena galimoto ya anzake kumbuyo yanyamuka m'mwamba. Munthu wochita zimenezi miyezi ndi miyezi, thupi lake limaphunzira phunziro limodzi: ukatayirira wafa. Mtima umathamanga maganizo asanafike. Tulo timakhala ta kalulu. Phunziroli ndi limene lidamusunga, koma vuto lake n'loti silimva kuti nkhondo yatha. Madokotala masiku ano amalitchula PTSD, dzina lomwe lidakhazikika mu 1980, agogo atakhala kale kumudzi zaka zisanu ndi chimodzi. Zizindikiro zake aliyense wokulira pakhomo lotere amazidziwa osawerenga buku: kulota zoopsa, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kupewa malo ndi nkhani zina, kupsa mtima pa kanthu kochepa, ndiponso kuuma mumtima moti ngakhale mwana wako akukusekerera iwe uli duu.

Agogo sankakhala chofulatira khomo. Nsima ankadya ngati pali wowathamangitsa, mbamu zikuluzikulu, n'kusamba m'manja ena asanafike pakati. Chaka chatsopano, anyamata akamaphulitsa makombola pamsika, iwo amakhala atalowa kale m'nyumba dzuwa lisanalowe. Nsomba zam'chitini sankazifuna n'komwe, fungo lokha linkawatulutsa panja, ndipo anganga adadzatiuza kuti ndizo zinkakhala m'kamba wa kutchire.

Komatu si zonse zidali zilonda. Khasu la agogo silinkagona kumunda. Mizere yawo ya mbatata ya kachewere inkaongoka ngati ayeza ndi chingwe. Ankadziwa kumanga bala, kuwiritsa madzi mwana akatsegula m'mimba, kulemba ndi kuwerenga Chipwitikizi, moti makalata a anthu ambiri m'mudzimo ankadutsa m'manja mwawo. Ku tropa ndiko adaonera Beira, njanji ndi nyanja yamchere, ndipo adabwerako atatsimikiza kuti ana awo onse, aakazi omwe, adzapita kusukulu. Mwambo womwewo umene unkaongola mizere ndi umene unkakwapula mwana wochedwa kutsekula mbuzi. Mayi amati m'nyumba mwawo munkadzukidwa nkhuku zisanatsike, ndipo mkeka wosapindidwa bwino unali mlandu. Sungatenge chimodzi n'kusiya chinzake, zidabwera m'thumba limodzi.

Makolo athu sadali mbuli pa zimenezi. Achewa ali ndi mawu akuti chirope: munthu wokhetsa magazi, kaya a munthu kaya a nyama yaikulu ngati ntchefu kapena mkango, magaziwo amamukwera kumutu. Akapanda kusambitsidwa mankhwala amayamba kulusa, kubwebweta, kufuna kukhetsanso ena. Ndiye mlenje kapena wankhondo sankangofikira m'nyumba. Ankayamba waima kunja kwa mudzi, akuluakulu n'kumukonza, kenako n'kumulowetsa. Palinso mdulo: wochokera kuulendo sathamangira kumphasa kapena kudya ndiwo zothira mchere ndi aliyense, mpaka zinthu zitalongosoka. Wina anganene kuti ndi zikhulupiriro chabe. Koma taonani chimene mwambowo unkachita. Unkavomera pagulu kuti munthuyu wachokera koipa, unkaika tsiku loti zakutchire zathera apa, ndipo unkauza mudzi wonse kuti kuyambira lero ndi mnzathu, asamuope, asamutonze. Nkhondo yachiwiri, ya boma ndi Renamo, itatha mu 1992, m'madera ambiri a Mozambique miyambo yosambitsa obwera kunkhondo idagwira ntchito yaikulu yomwe boma silikadaitha.

Agogo sadasambitsidwe. Apa ndi pamene nkhani yawo idapotokera.

Pa 25 April 1974 asilikali adagwetsa boma ku Lisbon. Pa 7 September Apwitikizi ndi FRELIMO adasainirana mgwirizano ku Lusaka, ndipo pa 25 June 1975 mbendera ya ufulu idakwera. Azungu a m'tropa adakwera ndege ndi zombo kubwerera kwawo. Akuda adavula yunifolomu n'kubwerera kumidzi chamutu pansi, ena usiku. Ungaitane bwanji mudzi kuti udzakusambitse, pomwe kungotchula kumene wachokera ndi kudzipalira makala? Kumwera kwa mzinda wa Tete, ku Wiriyamu, pa 16 December 1972 asilikali a Apwitikizi adapha anthu wamba pafupifupi 400, nkhani yomwe wansembe Adrian Hastings adaiulula ku London mu July 1973. Anthu adali atatsekeredwanso m'midzi ya mpanda ija ya aldeamento. Mkwiyo udali ndi chifukwa chake, ndipo sunkafunsa kuti iwe unkagwira mfuti kapena kachitsulo. Boma latsopano lidatchula anthu amene adatumikira atsamunda m'magulu monga apolisi achinsinsi a PIDE, GE ndi makomando kuti comprometidos. Zithunzi zawo zinkapachikidwa pamalo a ntchito kuti aliyense awadziwe, maudindo sankawalola, ndipo ena adatumizidwa kumisasa yokawaphunzitsanso. Mu 1982 Pulezidenti Samora Machel adakumana nawo pamsonkhano waukulu ku Maputo, nkhaniyo n'kutsekedwa mwa boma. Tropa wamba ngati agogo kwenikweni sadali pamndandanda umenewo, koma pabwalo la mowa palibe amasiyanitsa. Ku Portugal nako khomo lidatsekeka: lamulo la unzika la mu 1975 lidasiya kunja anthu ambiri obadwira m'maiko a mu Africa, ndiye penshoni ya kumeneko idakhala ya ochepa.

Onjezani chikamwini. Agogo ankakhala kwawo kwa anganga, pa nthaka ya eni. Mwini mbumba adali mlongo wawo wa anganga, ndipo mwini mbumbayo adabwera kuchokera kutchire la Macanga ali kamarada, wopambana. Anthu awiri, amsinkhu umodzi, nkhondo imodzi, mwina tsiku lina msewu umodzi, wina akukwirira wina akufukula. Mmodzi akafika pamsonkhano amamupatsa mpando. Pa 25 September amavala bwino, ana asukulu n'kumuzungulira kuti awauze za kutchire, ndipo pambuyo pake boma lidayamba kupereka penshoni kwa omenyera ufulu akale. Winayo tsiku lomwelo amalawirira kudimba.

Musaganize kuti kamaradayo adalibe maloto oipa. Adali nawo, ndipo kachasu ankamwa koposa agogo. Koma zowawa zake zidali ndi dzina, zidali ndi nyimbo, zidali ndi tsiku pakalendala. Akalira pamowa anthu amati wakumbuka anzake. Agogo akadalira, anthu akadafunsa kuti akulira yani. Munthu wosowa potula katundu amayenda naye, ndipo amene amamva kulemera kwake ndi a m'nyumba.

Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Agogo sadaterereke, koma adasanduka mkamwini wosayankha. Pa milandu ya ana awo omwe, alamu awo akalankhula iwo amangoti, "Mwanena, alamu." Mawu amene ankalephera kutuluka pabwalo ankatulukira m'nyumba, pa mkeka wosapindidwa ndi mbuzi yochedwa. Ndidakula ndikumva kuti agogo ndi ofatsa kunja, chilombo m'nyumba, ngati kuti ndi anthu awiri. Adali munthu mmodzi wopanikizidwa mbali imodzi.

Chimene chidasintha zinthu pang'ono ndi tsoka lina. Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo, omwe anthu ankawatchula Matsanga potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa, idafika ku Angonia mwamphamvu chapakati pa zaka za m'ma 1980. Cha mu 1986 midzi idayamba kutsala mabwinja. Anthu adakhamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene malire ake ndi msewu chabe, uku Mozambique uku Malawi, chilankhulo chimodzi, mafuko amodzi. Ambiri sadakhale m'misasa, adamanga zisakasa m'midzi ya abale. Pofika kumapeto dziko la Malawi lidasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Usiku umene anthu amfuti adafika m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene adatsogolera mbumba yonse adali mkamwini wosayankha uja. Adaletsa kudutsa njira yodziwika. Adauza amayi kuti ana a m'manja akhale kubere, aliyense aponde pomwe wapondapo mnzake, ndipo iwo adali patsogolo, maso pansi. Alamu awo adali kumbuyo kwenikweni kwa mzere. Anganga ankati kutacha, atakhala pansi kutsidya, mwini mbumba adatulutsa fodya, n'kupichira ndudu imodzi, n'kuyamba kupatsa agogo. Palibe adanenapo kanthu. Kuyambira pamenepo ankakhalira limodzi madzulo, nthawi zambiri osalankhula.

Nkhondo imeneyi idatenganso mwana wawo wachisamba, atsibweni athu, amene adabadwa agogo ali ku tropa. Usilikali wokakamiza udakhazikitsidwa mu 1978, ndipo nkhondo itakula anyamata ankangogwidwa pamsika kapena pasukulu, mbali iyi kapena inayo. Atsibweni adabwerako mu 1994, mtendere wa ku Rome wa pa 4 October 1992 utagwira, pomwe ONUMOZ, nthambi ya United Nations yoyang'anira mtenderewo, inkatula mfuti asilikali oposa 90,000 a mbali zonse. Adabwera ndi khasu, mbewu, ndowa, ndi kabuku kotengera ndalama kwa zaka ziwiri. Boma lidakhululukira onse mwa lamulo, ndipo sipadakhale bwalo lofunsa kuti adachita chiyani ndani. Mtendere udagulidwa ndi kukhala chete. Ena amati zidathandiza, ena amati bala lidangophimbidwa. Ine ndimaona zonse ziwiri pakhomo pathu pomwe.

Koma pa mwana wawo agogo adaumirira chinthu chimodzi, ndipo aka kadali koyamba kuti atsutse alamu awo ndi akuluakulu a mpingo pagulu. Adati mnyamatayo salowa m'nyumba asanasambe. Adamuimika kumtsinje, zovala zomwe adabwera nazo zidatenthedwa, adasambitsidwa mankhwala, adametedwa, kenako adalowa m'mudzi n'kudya ndi anthu. Wina atawafunsa kuti inu a tchalitchi mukuchitiranji zachikunja, adayankha kuti, "Ine ndidalowa nazo m'nyumba. Afunseni mayi akewa." Mawu okhudza nkhondo yawo amene anthu adawamva pakamwa pawo ndi okhawo.

Afunseni mayi akewa. Pofotokoza za asilikali akale timaiwala kuti pali wina adagwira usilikaliwo zaka zambiri kuposa iwo, wopanda yunifolomu. Anganga adakwatiwa ndi mnyamata wokonda kuvina ngoma ndi kuseka, n'kulandira munthu wina patapita zaka zinayi. Adaphunzira kuwadzutsa ndi mawu ali chapatali, osawagwira. Adaphunzira kuona nkhope m'mawa n'kudziwa ngati ana atumizidwe kwa anganga awo tsiku limenelo. Akabuula usiku, m'mawa anthu akafunsa, yankho lidali lakuti ndi malungo. Panali masiku amene dzanja lidawafikira, ndipo ankhoswe adakhalapo pansi kangapo. Pamenepa sindifuna kukometsera. Kudziwa kumene ukali udachokera sikusandutsa chibakera kukhala china, ndipo alipo amuna ambiri adabwera kunkhondo komweko osakwezera mkazi dzanja, monganso alipo omenya akazi amene sadaonepo mfuti. Nkhondo imakulitsa zimene yapeza mwa munthu, imathyola zina, koma siyankhira mlandu wa aliyense.

Ana nawo adatengapo gawo lawo, aliyense mwa njira yake. Mwana wokulira m'nyumba imene bambo sadziwika kuti adzuka bwanji amaphunzira kuwerenga nkhope asanaphunzire kuwerenga zilembo. Mayi anga mpaka lero salola phokoso pa nthawi ya chakudya, ndipo chikwama chokhala ndi mapepala onse ofunika chimakhala pamutu pa bedi, chomangamanga, ngati tinyamuka usiku uno. Mng'ono wawo adatulukira kwina: kwake ana sakwapulidwa ngakhale atalakwa chotani, ndipo amanena yekha kuti adakwapulidwira onse. Atsibweni aja, osambitsidwa aja, amakamba za nkhondo yawo momasuka mpaka kutopetsa. Sindinganene kuti ndi mankhwala a kumtsinje okha adachita zimenezo, koma iwo adalowa m'mudzi masana, anthu akuona.

Mina zimene agogo ankasaka, ndi zina zambiri zokwiriridwa pambuyo pake, zidapitiriza kudula anthu miyendo m'minda mpaka Mozambique idalengezedwa mu September 2015 kuti yachotsa zonse zodziwika. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, idapepesa ku Maputo chifukwa cha Wiriyamu. Agogo sadamve zonse ziwirizi, adali atagona kale.

Pa tsiku lometa, chithunzi chija chitatuluka, padabuka kukangana. Ena adati chikadayenera kulowa nawo m'bokosi, chisadzasautse ana. Mdzukulu wina wa kutauni ankafuna kuchijambula pafoni kuti achiike pa Facebook. Anganga adachilanda, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Adati, "Uyu ndiye ndidakwatiwa naye ine. Onani, apa n'kuti akusekabe." Kenako adachibwezera m'sutikesi, pansi pa khadi lolandirira ufa ndi nandolo la ku Dedza, n'kukhoma.